Makiyi ndinali nawo, dzina linali la malemu

Makiyi a shopu yanga ndinawalandira Loweruka masana, m'mwezi wa Novembala 2018, mvula yoyamba itangogwa kumene. Tinali pakhonde pa amayi amene ankandigulitsa malowo. Panali iwo, alongo awo, amuna anga, ndi mkulu wina wa mpingo amene tinam'pempha kuti akhale mboni. Mdzukulu wa pakhomopo anang'amba pepala pakati pa kope lake la kusukulu, mkulu wa mpingo uja n'kulembapo kuti ine ndapereka K9,000,000, theka la mtengo, ndipo theka linalo ndidzamaliza pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Tonse tinasaina, amayiwo anadinda ndi chala. Tinapemphera, tinamwa thobwa, ine n'kumangirira makiyi atatu pansonga ya chitenje ngati mtsikana wotumidwa kuchigayo.

Amene sanachitepo lendi sangamvetse kulemera kwa makiyi amenewo. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndikugulitsa zitenje m'kachipinda ka eni ake ku Old Town, mu Lilongwe muno. Katundu ndinkakaoda ku Dar es Salaam, kugona m'basi, kuima pamzere pachipata cha Songwe miyendo itatupa, ndiye pofika kuno Januwale aliyense alandilodi n'kubwera ndi nkhope yachisoni kudzandiuza kuti zinthu zakwera. Ndalama ya theka ija inali ya chipereganyu, ya banki mkhonde, ndi ya ng'ombe ziwiri zimene ndinagulitsa kumudzi. Sabata yomweyo ndinaitana mnyamata wopenta, khoma lonse labuluu, dzina langa pamwamba pa chitseko m'zilembo zoti wokwera minibasi aziwerenga osatsika.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Alamu anga, amene anapuma ntchito ya ukalaliki m'boma, anabwera kudzaona. Anazungulira, anagogoda khoma, anayamikira penti. Potsazika anati, "Alamu, shopu yakongola ndithu. Koma m'kaundula muli dzina la yani?"

Ndinawaonetsa pepala lija, nditalikutira bwino m'pulasitiki. Analiwerenga mwaulemu, n'kundibwezera ndi manja awiri. "Ili likunena kuti munapereka ndalama. Silikunena kuti munagula malo."

Ndinakwiya nawo masiku atatu. Lachinayi ndinapita kwa loya.

Chinthu choyamba chimene loyayo anachita ndi chotchipa kuposa zonse zimene zinatsatira, ndipo ndi chimene ndikanayenera kuchita ndisanatulutse ngakhale tambala. Amachitcha search. Malo a mumzinda amene analembetsedwa ali ndi nambala yake ku kaundula wa malo, pansi pa lamulo la Registered Land Act la mu 1967. Umapereka nambalayo, kulipira kandalama kochepa, iwo n'kukupatsa chikalata chosonyeza mwini malo, mtundu wa umwini wake, komanso ngati pali banki imene inawagwira chikole kapena munthu amene anaikapo chiletso. Ndalama yake siinafike ngakhale pa mtengo wa zitenje zochepa zimene ndimagulitsa tsiku la malonda oipa. Ine ndinali nditapereka mamiliyoni asanu ndi anayi osayamba ndaona chikalata chimenechi.

Chitatuluka, banki panalibe, chiletso panalibe. Koma dzina silinali la amayi aja. Linali la amuna awo, amene anatisiya zaka zambiri zapitazo, amene ine sindinawaonepo ndi maso. Ndalama ndinapatsa munthu wamoyo, koma mwini shopu pamaso pa boma anali kumanda. Chachiwiri, malowo sanali ogulika mpaka muyaya monga ndinkaganizira. Anali a lizi ya zaka 99, yoyambira mu 1987. Nthaka ndi ya boma. Chimene ndinkagula ine ndi nyumbayo pamodzi ndi zaka zotsala.

Loya anandiuza zinthu ziwiri. "Mayi, theka latsalalo musapereke kaye. Ndipo tiikepo caution lero lomwe." Caution ndi chiletso chimene munthu amene ali ndi gawo pa malo amalembetsa ku kaundula, kuti pasachitike kugulitsa kapena kupinyolitsa iye asanamve. Ndinavomera. Chimene chinandilemera ndi choti ndibwerere pakhonde paja kukanena.

Pamenepa ndi pamene ndimafuna kukhalitsapo, chifukwa ndikuganiza kuti ambiri a ife timagwera pomwepa, osati pa ndalama. Ife tinaleredwa kuti mawu a munthu wamkulu, onenedwa pamaso pa mboni, ndi okwanira. Kumudzi kwathu munda umadziwika ndi chulu, mtengo wa mpoza ndi chikumbumtima cha anyakwawa. Kupempha pepala kwa mayi wa msinkhu wa amayi ako, amene wakupatsa thobwa ndi kukupempherera, kuli ngati kumuuza kuti ndiwe wakuba. Ndinayenda njira yonse ndikukonza mawu, koma nditafika onse anathawa.

Amayi aja anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Mwananga, njerwa za nyumba imene ija ndinasenza ndi mutu uwu. Bambo ako aja ankangobwera madzulo kudzawerenga matumba a simenti. Lero ukuti si yanga?"

Ndinati, "Amayi, si ine ndikutero. Ndi buku."

Ndipo sankanama. Nyumbayo inali yawo m'njira iliyonse imene munthu wa nzeru angaivomere, kupatula imodzi yokhayo imene banki, khoti ndi khonsolo zimayang'ana. Amuna awo atamwalira, palibe anaganiza zosintha dzina. Alendi ankalipira, denga silinkadontha, ndiye kukadzivutitsiranji ku maofesi? Ndi mmene malo ambiri akhalira m'matauni mwathu. Ndikudziwa mashopu amene agulitsidwa kawiri kapena katatu pa mapepala a m'kope, dzina m'kaundula likadali la munthu woyamba.

Kuti amayiwo athe kugulitsa, panafunika kuti khoti liwapatse kaye mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, zimene maloya amati letters of administration, popeza malemu sanasiye wilo. Lamulo la mu 2011 la Deceased Estates limati chuma chotere ndi cha mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo mwana ndi mwana, kaya wa m'nyumba kaya wa kunjira. Lamuloli linabwera kudzateteza amayi amasiye kwa achibale olanda chuma, ndipo ine monga mzimayi ndimaliyamikira. Koma tsiku limenelo linandiwawa, chifukwa linatanthauza kuti wondigulitsa si mmodzi. Ana anali asanu. Anayi anali konkuno, wina ali ku Johannesburg, ndipo mapepala ake ankayenda pa basi m'thumba la dalaivala. Kenaka panatulukira wachisanu ndi chimodzi, bambo wa ndevu zake, amene mayi ake anali ena. Banjalo linkamudziwa, koma pakhonde paja palibe anamutchula.

Usiku umenewo sindinagone. Ndikanamaliza kulipira mwakachetechete, bambo ameneyu akanatha kudzafika patapita zaka zisanu, atanyamula chisamani, ine n'kumuonetsa pepala la m'kope lokhala ndi chala cha mayi womupeza. Sanali munthu woipa. Ankangofuna gawo lake, ndipo analipeza. Koma nkhani ya banjali yokha inadya miyezi isanu ndi iwiri, ine ndili m'shopu yabuluu yolembedwa dzina langa, osadziwa ngati ndine mwini kapena mlendi wosalipira.

Inali nthawi yomwe ija ya zionetsero, chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitapita. Tsiku la mademo tinkatseka zitseko, kukoka zitsulo, n'kukakhala kunyumba khutu lili pa wailesi. Anzanga ankadandaula za katundu wawo. Ine ndinkadzifunsa funso lina: nyumba imeneyi ikapsa, ndikalira ngati yani?

Za banja zitatha, zotsalazo zinali za mapazi ndi thumba. Popeza nthaka ndi ya boma, lizi siisintha dzina popanda chilolezo cha Unduna wa za Malo, chimene aliyense amangoti consent. Koma sungapemphe chilolezo kwa mwini nthaka uli naye ngongole, ndiye panatuluka nkhani ya ground rent, ndalama ya pachaka imene wa lizi aliyense amayenera kupereka. Sinaperekedwe chimwalirireni bambo aja. Ku khonsolo ya mzinda kunafunika chikalata chosonyeza kuti ma city rates onse analipidwa, ndipo malo a bizinesi salipira mofanana ndi nyumba yogonamo. Kumenekonso ngongole inali itaunjikana ngati zinyalala za pamsika. Ku MRA kunafunika tax clearance, yotsimikiza kuti wogulitsa alibe mlandu wa msonkho pa malondawo. Chikalata chilichonse chimadikira chinzake, ndiye ukalakwitsa ndondomeko umayenda ulendo womwewo kawiri.

Anthu akamakamba za mtengo wolembetsa malo, amathamangira kutchula stamp duty. Nthawi imeneyo inali 1.5 pa 100 iliyonse ya mtengo wa malo, itatsitsidwa kuchoka pa 3. Pa K18,000,000 yanga inakwana K270,000, yolipira ku ofesi ya Registrar General kuti chikalata chosinthira umwini chidindidwe. Ndi ndalama ndithu, koma umaidziwiratu, umatha kuiwerengera pa foni usanagone. Malipiro a loya nawonso anandiuziratu, ndi VAT ya 16.5 pa 100 pamwamba pake. Munthu woyesa mtengo wa nyumba anatenga yake. Wopima malo anabwera kudzafukula mabikoni, chifukwa imodzi inali itakwiririka pansi pa khonde la oyandikana nawo, nayenso anatenga yake. Ndalama yolembetsera ku kaundula kwenikweniko inali yochepa kwambiri moti ndinafunsa kawiri.

Zimene zinatsala pang'ono kupha malondawa ndi ngongole zakale zija. Ground rent ndi ma city rates pamodzi zinaposa stamp duty katatu. Mwa chilungamo zinali za ogulitsa, koma iwo ndalama yoyamba ija anali atagawana kale, wina wagula malata, wina walipirira mwana sukulu. Chinandipulumutsa ndi theka lija ndinagwira. Tinagwirizana kuti ndilipire ine, ndidzachotsere pa ndalama yotsala. Ndikanakhala kuti ndinapereka zonse pakhonde paja, bwenzi ngongole ya zaka zonsezo ili pamsana panga, pakuti khonsolo imatsata nyumba, siitsata amene anadya lendi.

Apa ndi pamene maganizo anga anasintha. Poyamba ndinkaona ngati boma likundilanga chifukwa chofuna kuchita zinthu molongosoka. Nditakhala pansi ndi malisiti onse, ndinaona kuti gawo lalikulu la zimene ndinalipira, m'ndalama ndi m'miyezi, silinali mtengo wa kulembetsa kwanga. Linali mtengo wa kusalembetsa kwa amene ananditsogolera. Bambo aja sanalembe wilo. Amayi aja sanasinthe dzina. Ana sanafunse za ma rates. Aliyense anapulumutsa kangachepe pa nthawi yake, ndipo zonsezo zinandidikira ine pakhomo, zitabereka ana.

Sindikunena kuti maofesi athu ndi a angelo. Mu ofesi ina, imene sindiitchula, failo yanga inasowa milungu itatu, n'kudzapezeka pa tebulo lomwe ndinaisiya. "Bwana atuluka." "Netiweki yavuta." "Bwerani mawa." Tsiku lililonse lotere ndi tsiku limene shopu ndasiyira mtsikana, makasitomala anga a zikwati abwerera chifukwa amafuna kunenerera mtengo ndi mwiniwake. Ndalama imeneyo ilibe lisiti. Ndipo pakhomo pa maofesi otere sipasowa adobadoba, atavala jekete, envelopu kukhwapa, odziwa dzina la aliyense m'katimo. Mmodzi ananditsatira mpaka pa siteji. "Madamu, inu mukuvutikiranji? Ya fanta yokha, Lachisanu zatuluka." Anandipatsanso nzeru yaulere: pa chikalata tilembe kuti ndagula K10,000,000, stamp duty itsike.

Ndisaname, ndinawerengera. Ndikanapulumutsa K120,000, mtengo wa ulendo wabwino ndithu. Sindinakane chifukwa cha chiyero. Ndinakana chifukwa loya anandifunsa kuti, malondawa akadzasokonekera, ndidzapempha khoti kuti andibwezere zingati, zimene ndinapereka kapena zimene ndinasainira? Anawonjezera kuti boma lili ndi akatswiri ake oyesa mitengo ya nyumba, ndipo tsiku limene ndidzagulitse ine, phindu langa lidzawerengedwa kuchokera pa mtengo wabodza womwewo. Nditavutika chaka chathunthu kuti pepala linene zoona za mwini malo, kunali kupusa kulinamiza pa za mtengo.

Alamu anga aja, amene tsopano tinali titagwirizananso, ndi amene anandiuza kumene mantha athu a mapepala a malo anachokera. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, woimira boma la Britain kuno, ankapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo aakuluakulu a kumapiri a Shire anapita motero, ena atasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mafumu ankaona ngati akulandira mlendo. Pepala linkanena kuti agulitsa. Zidzukulu za eni nthaka zinadzuka zili pa thangata m'minda ya makolo awo, ndipo mkwiyo umenewo ndi umodzi mwa imene inayatsa moto wa John Chilembwe mu 1915. Ndinaseka pang'ono pomva za nsaluzo, chifukwa inenso malo anga ndinagula ndi nsalu. Koma ndinamvetsa chifukwa chake agogo athu ankaona pepala la malo ngati chida cha wolanda. Kwa iwo linalidi chomwecho. Vuto ndi loti pepalalo silinachoke pamodzi ndi atsamunda. Kuno ku Lilongwe, malamulo a mu 1967 anafika mpaka kumidzi ya kumadzulo kwa bomali, kumene malo a mabanja analembetsedwa m'dongosolo lija anthu amati ndunda, ndipo malamulo a mu 2016 anatsegula njira yoti ngakhale munda wa kumudzi ukhale ndi chikalata. Ife tikamalinyalanyaza, limangogwira ntchito m'manja mwa amene akulidziwa.

Panatsala funso limodzi limene sindinaliyembekezere. Pokonza chikalata chomaliza, loya anakweza mutu n'kufunsa, "Tilembe dzina la yani?" Amuna anga anali pambali panga. Ndalama inali ya zitenje zanga, koma zaka zonse zimene ndinkasunga, ndi malipiro awo amene ankagula ufa ndi kulipira sukulu. Loya anafotokoza kuti anthu awiri angathe kulembetsa limodzi, mwa njira yoti mmodzi akatsogola malo onse amatsala ndi mnzakeyo, kapena mwa njira yoti aliyense ali ndi gawo lake lopita kwa omulowa m'malo. M'chipindamo munakhala zii. Ndinaganiza za amayi aja ndi njerwa zawo pamutu, dzina lawo losapezeka paliponse. Amuna anga ndiwo anayamba kuyankhula. "Lembani la mayiwa. Koma mutikonzerenso wilo, aliyense yake, tisadzavutitse ana." Tinalipiranso ya mawilo awiri. Pa ndalama zonse za chaka chimenecho, imeneyi ndi imene ndinapereka mosawinya.

Chikalata changa cha lizi chinatuluka mu Febuluwale 2020, sabata yomwe khoti linagamula mlandu wa chisankho, tauni yonse ikukamba za ku khoti, ine ndikukamba za envelopu yanga. Panali patapita miyezi khumi ndi isanu chilandirireni makiyi. Ndinkayembekezera chinthu chochititsa mantha, cha maliboni ndi golide. Ndi pepala wamba, nambala ya malo, dzina langa lolembedwa bwino, ndi chidindo. Limanena kuti lizi idzatha mu 2086. Ndinawerengera pa zala: zaka 66, zimene ine sindidzazimaliza, mwinanso ana anga sadzazimaliza. Lendi sindinaithawe kwenikweni. Ndinangosintha landilodi, n'kupeza amene amabwera kamodzi pachaka ndipo sangandiuze kuti mphwake akufuna chipindacho mwezi wamawa.

Ndalama yotsala ndinakapereka pa tebulo la loya, ana onse akudziwa, aliyense atasainira gawo lake. Amayi aja sanabwere, miyendo inali itayamba kuvuta. Ndinapita ndekha kunyumba kwawo ndi chitenje cha Java ndi paketi ya shuga. Anachitambasula, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Unandikwiyitsa, mwana iwe. Koma ana anga sanamenyane." Thobwa anandipatsanso.

Mitengo ndatchulayi lero ikumveka ngati nthano, kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Nditafuna ngongole yoti ndipirire nyengo imeneyo, a banki sanafunse za penti kapena za dzina la pamwamba pa chitseko. Anafunsa envelopu ija, ndipo mpaka pano ili kwa iwo, ine ndimasunga fotokope m'chikwama momwe muli pepala lija la m'kope. Ground rent ndimalipira chaka chilichonse, malisiti ndimaika m'chitini cha mabisiketi, ndipo mwana wanga woyamba amadziwa pamene chitinicho chimakhala.

Mnzanga wa shopu yoyandikana nane, wogulitsa mapoto ndi mabeseni, anagula yake zaka zitatu ine ndisanagule. Mwezi watha anandionetsa pepala lake, lokutidwa bwino m'pulasitiki, mboni zinayi, ziwiri mwa izo zinamwalira. Ndinalilandira ndi manja awiri. Lachiwiri likubwerali tikutseka mashopu m'mawa, ndikumuperekeza kukachita search. Ya minibasi alipira yekha.